Kodi Jakisoni wa Shuga Anachokera Kuti?

Pa pologalamu ya zaumoyo ija mayi wina anafunsa kuti zimatheka bwanji mwana wa zaka 9 kudwala shuga, pamene tonse timadziwa kuti shuga ndi nthenda ya akuluakulu onenepa. Achipatala anayankha bwino ndithu, koma nthawi ya pa wailesi mukuidziwa, imatha nkhani isanapse. Ndiye ine, pokhala mmodzi mwa anthu amene timabaya insulina tsiku ndi tsiku, ndati ndilembe mbiri ya matendawa ndi mankhwala ake kuti muwerengerane pa msonkhano wa kalabu.

Choyamba tisiyanitse. Matenda a shuga alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Wachiwiri ndi uja wofala, wa akuluakulu, umene ambiri amauthetsa mphamvu ndi mapiritsi komanso kusamala kadyedwe. Woyamba ndi wina. Kuseri kwa chifu kuli chiwalo chimene achipatala amati pancreas, osati kapamba uja amatupa ndi malungo ayi. Chiwalochi chimapanga insulina, ndipo insulina ndi imene imatsegulira shuga wa m'chakudya kuti achoke m'magazi alowe m'minofu n'kukhala mphamvu. Pa mtundu woyambawu, asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kupha tizigawo topanga insulina tija. Mwana sanalakwe, mayi ake sanalakwe, sikuti anadya maswiti ambiri, ndiponso palibe wamulodza. Kungoti insulina yatha, basi. Mwanayo amamwa madzi osakhuta, amakodza usiku wonse, amadya koma akuwondabe.

Zizindikiro zimenezi anthu anaziona kalekale. Ku Egypt kunapezeka mpukutu wa zamankhwala wolembedwa zaka pafupifupi 1,550 Yesu asanabadwe, ndipo umanena za nthenda ya kukodza kwambiri. Asing'anga akale a ku India anaona kuti nyerere zikuunjikana pamene wodwala wakodza, ndiye nthendayi anaitcha mkodzo wa uchi. Ife kumudzi mpaka lero chizindikiro cha nyererechi timachidziwa. Mu 1776 dokotala wa ku England, Matthew Dobson, anaumitsa mkodzo wa wodwala n'kupeza kuti pansi patsala zinthu zonga shuga. Komabe gwero lake silinkadziwika. Mu 1889 ku Strasbourg, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anachotsa pancreas m'mimba mwa galu, ndipo galuyo anayamba kukodza pafupipafupi, mkodzo wake uli ndi shuga. Apa m'pamene anadziwa pamene pagona nkhani.

Kudziwa gwero si kupeza mankhwala. Mpaka 1921, mwana akapezeka ndi shuga wa mtundu woyamba makolo ankangoyembekezera maliro, kawirikawiri chaka chisanathe kapena chitangopitirira. Dokotala wina wa ku America, Frederick Allen, anabwera ndi njira yowamana chakudya odwala. Ankawapatsa timasamba ndi tina tochepa kwambiri kuti shuga asakwere. Moyo unkatalikirako pang'ono, koma ana ankatsala mafupa okhaokha, ena n'kufa ndi njala yeniyeni. Taganizani inu amayi, mwana akulira nsima ili pamoto, inu n'kumamukaniza chifukwa chomukonda.

Mu Meyi 1921 ku Toronto, m'dziko la Canada, dokotala wachinyamata Frederick Banting ndi wophunzira wina dzina lake Charles Best anayamba ntchito m'chipinda chimene anawabwereka Pulofesa John Macleod. Ankasinja pancreas, kusefa madzi ake n'kubaya agalu odwala shuga, ndipo shuga wa agaluwo ankatsika. Vuto linali lakuti madziwo anali ndi zitsotso zambiri, osayenera munthu. Katswiri wina, James Collip, ndi amene anapeza njira yowayeretsa pogwiritsa ntchito mowa wa m'chipatala. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale kuti anthu anayiwa, kunena zoona, ankakangana kwambiri.

Pa 11 Janyuwale 1922 anabaya munthu woyamba, mnyamata dzina lake Leonard Thompson, amene anali atatsala pang'ono kutsirizika. Jakisoni woyambayo sanathandize kwenikweni, anangomutulutsa chithupsa. Pa 23 Janyuwale anamubayanso woyeretsedwa ndi Collip uja, shuga n'kutsika, mnyamata n'kuyamba kupeza mphamvu. Mu Ogasiti chaka chomwecho kunabwera mtsikana Elizabeth Hughes, mwana wa nduna yaikulu ya boma la America. Anali pafupi kukwanitsa zaka 15 koma sikelo yake inali makilogalamu 20 okha, chifukwa cha kumanidwa chakudya kuja. Atayamba kubaya ananenepa, anapita kusukulu, anakwatiwa, anabereka ana atatu, ndipo anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 73. Inu amene mumati mtsikana wa shuga sangakwatiwe kapena kubereka, mwamva?

Mu 1923 Banting ndi Macleod analandira mphoto ya Nobel. Banting anagawana ndalama zake ndi Best, Macleod anagawana ndi Collip. Umwini wa mankhwalawa anaugulitsa ku yunivesite ya Toronto pa mtengo wa dola imodzi munthu aliyense, pofuna kuti asakhale chuma cha munthu mmodzi. Kwa zaka 60 insulina inkachokera ku pancreas ya nkhumba ndi ng'ombe za kophera nyama. Yoyambayo inkatha mphamvu msanga, ndiye munthu ankabaya kangapo pa tsiku. Ku Denmark, Hans Christian Hagedorn ndi anzake anapeza njira yoichedwetsa, ndipo mu 1946 anapanga ija yooneka ngati mkaka wosungunula, yolembedwa NPH pa botolo, imene ambiri kuno timaidziwa. Mu 1982 kunatuluka insulina yofanana ndendende ndi ya munthu, yopangidwa m'fakitale ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Choncho abale athu amene sadya nkhumba asade nkhawa, yolembedwa kuti humana ija mulibe nkhumba.

Zipangizo nazo zili ndi mbiri yake. Odwala oyambirira anali ndi sirinji yagalasi imene ankaiwiritsa m'madzi, singano ikabuntha n'kuinola pamwala. Pofuna kudziwa shuga ankawiritsa mkodzo ndi mankhwala a buluu n'kuona ngati mtundu wasintha. Koma mkodzo umanena za maola apitawo, osati za panopa. Mu 1970 kunabwera makina oyamba oyezera dontho la magazi, olemera pafupifupi kilogalamu imodzi, a m'chipatala basi. Pofika cha m'ma 1980 anthu anayamba kukhala ndi timakina tawo kunyumba. Mu 1985 kunabwera jakisoni wooneka ngati cholembera, wotchedwa NovoPen. Pampu yoyamba yopopera insulina m'thupi, ya m'zaka za m'ma 1960, inali yaikulu ngati chikwama cha kumsana, pamene za masiku ano zimalowa m'thumba la malaya. Mu 1999 ku America anavomereza kachipangizo koyeza shuga usana ndi usiku, ndipo mu 2014 ku Ulaya kunatuluka FreeStyle Libre, kakang'ono ngati kandalama kachitsulo, komata pamkono masiku 14 osabaya chala. Kuyambira 2016 kuli mapampu amene amamva okha kuchuluka kwa shuga n'kumawonjezera kapena kuchepetsa insulina.

Mwina mukuti zonsezi n'zachiyani? Kafukufuku wamkulu wa ku America ndi Canada, wa odwala 1,441, anasonyeza mu 1993 kuti amene amayeza pafupipafupi n'kusunga shuga pafupi ndi mlingo woyenera amapewa kwambiri khungu, matenda a impso ndi kufa kwa mitsempha ya m'mapazi. Kamakina koyezera si kodzionetsera ayi. Ndi maso a wodwala.

Tsono tibwere kwathu kuno. Mu 2003 bungwe la International Insulin Foundation linayendera zipatala za Moçambique, ndipo David Beran ndi John Yudkin analemba zimene anapeza. Anawerengera kuti mwana wa kumudzi akadwala shuga wa mtundu woyamba ankakhala ndi moyo miyezi ngati 7 yokha. Miyezi 7, abale anga, patapita zaka 81 chibayireni Leonard Thompson! Ndiye kuti mwana wa kwathu mu 2003 anali ngati mwana wa ku Canada insulina isanatulukiridwe. Zifukwa zake zinali zodziwika: insulina inkathera m'mizinda ikuluikulu, masirinji ankasowa, ndipo zipatala zambiri zinalibe choyezera shuga. Ana ambiri ankafika atakomoka n'kulandira mankhwala a malungo, n'kupita osadziwika chimene chawatenga. Pambuyo pake unduna wa zaumoyo, bungwe la odwala shuga la AMODIA ndi bungwe la Diabetes UK anagwirira ntchito limodzi kuphunzitsa anamwino, ndipo atayenderanso mu 2009 anapeza kuti insulina ndi zoyezera zayamba kupezeka m'zipatala zambiri kuposa kale. Mu 2022 maiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti pofika 2030 aliyense wa mtundu woyamba azipeza insulina ndi zoyezera pa mtengo woti angathe. Lonjezo limenelo ndi lathunso, tiziwakumbutsa atsogoleri akabwera pa wailesi.

Nkhani ya firiji imavutitsa ambiri. Botolo losatsegula limafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, koma lisaume ngati ayezi, likauma latha ntchito. Nanga ife opanda magetsi? Mu 2021 madokotala a MSF ndi yunivesite ya Geneva anaonetsa kuti insulina yosungidwa pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, monga kumakhalira ku msasa wa othawa nkhondo wa Dagahaley ku Kenya, inagwirabe ntchito masabata anayi. Ife a kumapiri a Angónia zimatipepukira. Anzathu a mumzinda wa Tete ndi m'chigwa cha Zambezi, kumene kumapitirira madigiri 40, njira ndi ya mtsuko wadothi: botolo m'kachitini kotseka, kachitini mumchenga wonyowa, mtsuko pamthunzi. Ine ndimatero ndipo zimayenda. Chinanso, onetsetsani kuti nambala ya pa botolo ndi ya pa sirinji zikufanana. Ngati botolo lalembedwa 100, sirinji ikhalenso ya 100.

Pomaliza ndinene za chimfine, chifukwa mbiri ziwirizi zimakumana. Leonard Thompson anakhala zaka 13 akubaya insulina, koma mu 1935 chimene chinamutenga ndi chibayo. Munthu wa shuga akagwidwa ndi fuluwenza, thupi polimbana ndi matenda limakweza shuga ngakhale asakudya. Apa m'pamene ambiri amapusitsika. Amati poti sindikudya, lero ndisabaye. Thupi likasowa insulina limayamba kuwotcha mafuta, magazi amadzaza poizoni, munthu amasanza, amapuma mozama ndi mofulumira, mpweya wake umanunkhira ngati zipatso zakupsa, kenako amakomoka. Lamulo la tsiku lodwala ndi ili: insulina osasiya, madzi kumwa pafupipafupi, kuyeza kawirikawiri ngati timapepala tilipo, ndipo kusanza kukayamba, ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Fuluwenza si chimfine wamba. Ya mu 1918 inapha anthu pafupifupi 50 miliyoni pa dziko lonse. Ku South Africa kokha inatenga anthu ngati 300,000 m'masabata 6, ndipo inayenda ndi sitima za pamtunda pamodzi ndi anthu obwerera kuchokera ku migodi mpaka kufika ku Rhodesia, ku Nyasaland ndi kuno kwathu. Kachilombo kake kanapezeka ku London mu 1933, katemera woyamba n'kuvomerezedwa ku America mu 1945. Kachilomboka kamasintha maonekedwe chaka ndi chaka, n'chifukwa chake katemera wake si wa kamodzi kokha. Kuyambira 1952 WHO ili ndi malo ofufuzira m'maiko ambiri amene amatsata kusinthaku, ndipo mwezi wa Seputembala uliwonse amasankha katemera woyenera maiko a kumwera kwa dziko lapansi, kumene kuli ife. Anthu a shuga ali pa mndandanda wa oyenera kulandira chaka chilichonse. Abale athu amene ali ku Joni adziwe kuti kumeneko amabaya cha mu Malichi ndi Epulo, chisanu chisanafike, ndipo wodwala shuga ali m'gulu loyambirira. Ife kuno tifunse anamwino tsiku lokatenga insulina ngati katemerayu angapezeke ndiponso kuti. Safunsa anadya phula.

Pa 14 Novembala, tsiku limene anabadwa Banting mu 1891, dziko lonse limakumbukira matenda a shuga. Pempho langa kwa makalabu ndi loti chaka chino tikonze pologalamu yathuyathu, tiitane aphunzitsi ndi mafumu. Aphunzitsi adziwe kuti mwana wopempha kupita kuseri kambirimbiri, waludzu ndi wowonda, sakuchita mwano, ayezedwe shuga. Tonse tidziwenso kuti wobaya insulina akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuyankhula ngati woledzera, ndiye kuti shuga watsika kwambiri. Mupatseni masupuni atatu aang'ono a shuga m'madzi ngati akutha kumeza, ndipo ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala. Amene muli ndi mafunso lembani, mupereke kwa mlembi wa kalabu yanu, tidzawawerenga pa wailesi achipatala ali pomwepo.