Moto Wotuluka mu Mtsinje wa Mekong

Adzukulu anga, senderani kuno. Inu mwabadwa kuno ku Phon Phisai kutadzaza kale magalimoto ndi alendo, ndiye mumayesa kuti usiku wa Ok Phansa ndi waphokoso chiyambire. Ayi ndithu, kale unali usiku wa bata.

Tsikuli limadza mwezi ukakhala wathunthu, m'mwezi wa 11 pa kawerengedwe kathu, kawirikawiri mu Okutobala. Ndi pamene amonke amatsiriza miyezi itatu ya mvula imene amabindikira pakachisi. Makolo athu ankatiuza chiyambi chake. Ankati Buddha anakwera kumwamba kotchedwa Tavatimsa kukaphunzitsa amayi ake, a Maya, amene anamwalira iye ali khanda la masiku 7. Anatha nyengo yonse ya mvula komweko. Tsiku limene ankatsika, zamoyo zonse zinatuluka kukamuchingamira: za kumwamba, za pamtunda ndi za m'madzi zomwe. Phaya Nak, mfumu ya njoka zikuluzikulu zokhala pansi pa Mekong, analibe maluwa kapena mpunga woti apereke. Anapereka chimene anali nacho: analavulira moto kumwamba. Mpaka lero, ankatero makolo, sanaiwale tsikulo.

Ine ndinauona motowo ndili kamnyamata, ndili m'bwato la bambo anga. Dzuwa linali litangolowa, tsidya lija la Laos kuli bii, madzi ali phee. Mwadzidzidzi kanthu kofiirira, kukula ngati dzira la nkhuku, kanatumphuka pakati pa mtsinje. Kanakwera mowongoka, kupitirira mitengo yonse ya m'mbali mwa madzi, kenaka zii. Panalibe utsi, fungo kapena kuphulika, ndipo palibe chimene chinagwera pansi. Posakhalitsa kanatulukanso kena, kenanso chapatali. Bambo anangogoneka nkhafi m'bwato n'kuphatikiza manja pachifuwa. Sanayankhule mpaka tinafika padooko, ndipo ine ndinadziwa kuti si nthawi yofunsa mafunso.

Mikangano inabwera m'mbuyo muno. Dokotala wa ku Nong Khai, a Manas Kanoksilp, anati ndi mpweya wochokera ku zinthu zowola pansi pa mtsinje umene umayaka ukafika pamwamba, koma anzawo ophunzira sanavomereze onse. M'chaka cha 2002 wailesi ya kanema ya iTV inanena kuti ndi asilikali a ku Laos amene amawombera zipolopolo zowala m'mwamba. Anthu kuno anakwiya kwambiri, ine ndemwe. Sikuti timadana ndi kufufuza, koma anayankhula ngati agogo athu onse anali ogona, osatha kusiyanitsa mfuti ndi chimene maso awo anaona.

Komabe chimene chimandiwawa kwambiri si a kanemawo. Ndi ife eni ake. Lero khamu limadzaza gombe lonse, kampira ka moto kakatuluka kuli mfuu ndi mafoni m'mwamba, kukacha aliyense ulendo. Ndi angati amakumbuka amene njoka ija inkalandira? Motowo ndi moni chabe, mwini chikondwerero ndi Buddha.

Tsono chaka chino pitani kumtsinje, mukaone, sindikukuletsani. Koma mubwereko msanga, chifukwa m'mawa mwake amonke adzakhala akutuluka ndi mbale zawo. Ndikufuna ndidzakupezeni nonse muli pamzere, mpunga wanu uli m'manja.