Fodya ndi mpweya wa wopalasa bwato

Inu amene mwapitirira zaka 40, ndipo mukapalasa bwato kapena kukoka khoka kuno ku Lunho mumakhala wefuwefu ntchito isanafike pakati, musafulumire kunena kuti ndi ukalamba. Ngati mumasuta, tamverani mbiri iyi.

Fodya kwawo ndi ku America. Anafika m'madoko a Africa pa zombo za Apwitikizi zaka zoposa 400 zapitazo, amalonda n'kumulowetsa kumtunda, mpaka chingambwe chinakhala ngati chathuchathu. Zimene utsi wake umachita m'chifuwa zinadziwika mochedwa kwambiri.

M'chaka cha 1951, ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anayamba kutsatira moyo wa madokotala, osuta ndi osasuta omwe. Kafukufukuyu anatenga zaka 50. Anapeza kuti osuta amafa msanga ndi zaka pafupifupi 10, koma wosiya ali ndi zaka 50 amapulumutsapo zaka 6, wosiya ali ndi 40 amapulumutsapo 9.

Kwa inu ogwira nkhafi, chofunika koposa chinatuluka mu 1977. Charles Fletcher ndi Richard Peto anayeza mpweya wa amuna ogwira ntchito ku London kwa zaka 8. Mphamvu ya mapapo imachepa mwa munthu aliyense akamakula, koma mwa osuta ena inkatsika mothamanga. Atasiya, kutsikako kunabwerera pa liwiro la munthu wosasuta. Tisakunamizeni: mbali ya mapapo imene inawonongeka kale sinabwerere. Imene inatsala ndiyo inatetezeka.

Nanga n'chifukwa chiyani wosiya amapepukidwa msanga? Mu utsi muli mpweya woipa, carbon monoxide, umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi, choncho minofu ya manja ndi miyendo imatopa msanga ndipo mtima umagunda mopitirira. Bungwe la WHO limati poizoniyu amatsika pakatha maola 12. Pakati pa milungu 2 ndi 12 magazi amayenda bwino, ndipo chifuwa ndi befu zimachepa m'miyezi 1 mpaka 9.

Dziko lathu la Mozambique linaletsa kusuta m'malo otsekeka a anthu ambiri mu 2007, koma lamulo silifika m'bwato usiku posaka usipa. Kumeneko muuzane nokha ndi anzanu kuti mwasiya, asakupatsireni ndudu. Masiku oyamba mungatsokomole kwambiri pamene makhololo akutuluka. Chifuwacho chikapitirira milungu iwiri, kapena mukaona magazi, pitani kuchipatala akakuyezeni TB.