Khate ku Utale: Mankhwala ndi Ciphunzitso

Anthu a ku Ulongwe ndi a m'midzi yonse ya m'cigwa ca Shire analidziwa khate kalekale Azungu asanafike, ndipo analiopa koposa nthenda zina. Kawirikawiri wodwala ankamsala, namadya m'mbale ya yekha. Ansembe a Montfort, amene anafika ku Nzama m'caka ca 1901, anatsegula mishoni ya Utale mu 1908, m'dziko limene lero liri boma la Balaka pamodzi ndi Ulongwe. Nkhondo Yaciwiri isanayambe, pa Utale panali patamangidwa kale mudzi wa odwala khate, monganso ku Mua, ku Malamulo ndi ku Likwenu kufupi ndi Malosa.

Mankhwala a masiku amenewo anali mafuta a mtengo wa chaulmoogra, obaya ndi singano. Anali owawa, ndipo ocira anali owerengeka. Tinganene mosabisa kuti midzi imeneyi inali yosungiramo anthu koposa kuwaciritsa. Komabe munthu wotayidwa ndi abale ace anapezamo munda, cakudya ndi womtsuka zironda. Zinthu zinayamba kusintha atafika mapiritsi a dapsone nkhondo itatha.

Koma cinthu cacikuru cimene tifuna kuti inu aphunzitsi a mawa mucigwire sicinaturuke m'botolo ai. Dr Paul Brand, sing'anga wa mishoni ku Vellore m'dziko la India, anaonetsa kuti khate silidya zala monga ambiri amaganizira. Tizirombo tace timaononga mitsempha, ndipo dzanja kapena phazi lileka kumva kuwawa. Mai agwira mphika wamoto osadziwa, bambo aponda minga nayenda nayo tsiku lonse. Cironda cikula, fupa livunda, cala cithothoka. Motero wodwala ayenera kuphunzira kuyang'ana manja ndi mapazi ace madzulo ali onse, kuwaviika m'madzi ndi kuwadzoza mafuta, kubvala nsapato, ndi kuphula mphika ndi cigamba. Imeneyi ndi nchito ya mphunzitsi, si ya mpeni wa dotolo.

Sing'anga ameneyu anali ndi potengera. Amai ace, Evelyn Brand, anali mmishonale m'mapiri a Kolli, kumene mwamuna wao Jesse anamwalira mu 1929. Atakalamba, akuru a mishoni anawauza kuti apume. Iwo anakana kubwerera ku England. Anakweranso mapiri paokha, namayenda pa kavalo mudzi ndi mudzi, kusamala odwala ndi kuphunzitsa, kufikira imfa yao mu 1974, ali ndi zaka 95. Ena anati ndi liuma, ndipo kapena liumalo linalipo ndithu.

Kuno kwathu njira yotsata wodwala kumudzi kwao inakhazikika pakati pa zaka za m'ma 1960, pamene bungwe la LEPRA, motsogozedwa ndi Dr David Molesworth, linayamba kutumiza anchito pa galimoto ndi pa njinga kukapereka mapiritsi pa masiku oikika, wodwala osasiya banja lace. Pambuyo pace bungwelo linakhala ndi cipatala pa Balaka. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera mankhwala ophatikiza, ndipo pofika 1994 odwala m'Malawi anacepa kufikira osakwana mmodzi mwa anthu 10,000. Nthendayo sinatheretu. Cizindikiro cace coyamba ndi banga lotuwa pakhungu, losayabwa, limene mwana salimva mukalikhudza ndi thonje. Mwana wotere mumtumize ku cipatala sabata lomwelo.