SAM: kansalu ka mamolekyulu odziyala okha

SAM, chidule cha mawu a Chingerezi akuti self-assembled monolayer, ndi kansalu kopyapyala kopangidwa ndi mamolekyulu amene amadzindandalika okha pamwamba pa chitsulo kapena galasi. Sasanjikizana, ndipo kuchindikala kwa kansaluko ndi nanomita imodzi mpaka zitatu. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a milimita.

Molekyulu iliyonse ili ndi mutu womata pachitsulo, thunthu, ndi mchira woloza kunja. Katswiri amangoviika chitsulocho m'mankhwala amadzi, mamolekyuluwo n'kufola mothithikana ngati mapesi m'munda. Mchira ndiwo umalamula khalidwe la pamwambapo: wina umakana madzi monga limachitira tsamba la koko, wina umagwira puloteni ya mtundu umodzi wokha, n'chifukwa chake SAM imagwiritsidwa ntchito m'zipangizo zoyezera matenda.

William Zisman ndi anzake adalemba za nsalu zotere mu 1946 ku America. Kafukufuku adakula kuyambira mu 1983, Ralph Nuzzo ndi David Allara a ku Bell Laboratories atasonyeza kuti mamolekyulu okhala ndi sulufule amamatirira bwino pa golide.

Nkhaniyi ikukhudzanso Mulanje. Pamwamba pa phirili, ku Lichenya, pali miyala ya bauxite, gwero la aluminiyamu, imene idapezeka mu 1924 ndipo kukumba kwake kwakhala kukudzetsa mtsutso. Aluminiyamu ikakhudzana ndi mpweya imachita kakhungu kolimba, ndipo pakakhungupo mamolekyulu a phosphonic acid amagwira zolimba. Akatswiri amawayala pofuna kuteteza chitsulocho kuti chisadyeke komanso popanga tizipangizo tamagetsi tosadya mphamvu zambiri.

Kumene phindu lawonekera kwambiri ndi ku magetsi a dzuwa. Mu 2020, a ku Helmholtz-Zentrum Berlin, pogwiritsa ntchito mamolekyulu opangidwa ku Kaunas m'dziko la Lithuania, adapanga sola ya perovskite ndi silikoni yosandutsa magawo 29 pa 100 aliwonse a kuwala kukhala magetsi, kuposa sola zogulitsidwa m'misika.

Vuto lalikulu ndi kukhalitsa. Mamolekyulu a sulufule amawonongeka ndi mpweya, kuwala ndi kutentha, pamene perovskite imadana ndi chinyezi. Apa mpamene ofufuza a ku Malawi angalowerepo, pakuti chipangizo chopirira mvula ndi nkhungu za m'minda ya tiyi ku Mulanje chingadaliridwe m'madera ambiri otentha.