Zibowo ndi zigamba: momwe chitetezo cha makompyuta chimachedwera kufika ku Chama

M'maboma akutali ndi njanji, monga Chama, mumamveka mawu akuti mbava za pa intaneti zimalimbana ndi mabanki a ku Lusaka, osati foni ya mlimi wa mpunga wa m'chigwa cha Luangwa. Enanso amati update imangodya bandulo ndi kulemetsa foni. Mbiri ya zibowo za m'mapulogalamu ndi zigamba zake ikutsutsa mawu onse awiriwa.

Pulogalamu imalembedwa ndi anthu, ndipo penapake pamatsala cholakwika chimene wochenjera angalowerepo. Chibowocho chikadziwika, eni pulogalamu amalemba chigamba n'kuchitumiza ngati update. Chovuta n'chakuti chigamba chikatuluka chimaloza pomwe pali chibowo. Mbava zimachiunika, n'kuyamba kusaka makina amene sanachilandire. Wochedwa kuika chigamba amakhala pangozi yoposa imene analipo chisanatuluke.

Chiyambi cha dongosolo la zigamba n'chakutali ndi Chama. Mu Novembala 1988 pulogalamu yodzifalitsa yokha inafooketsa makompyuta pafupifupi 6,000 ku America, ndipo zitatero gulu loyamba lolandira malipoti a zibowo linakhazikitsidwa pa yunivesite ya Carnegie Mellon. Zambia inalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera ku ZAMNET, yomwe inabadwira pa yunivesite ya Zambia. Mu 1999 kunayamba kaundula wa CVE, wopatsa chibowo chilichonse nambala yake, ndipo anayamba ndi zibowo 321. Kuyambira mu Okutobala 2003, Microsoft imatulutsa zigamba zake Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse.

Dongosolo limeneli linapangidwira munthu amene kompyuta yake imakhala pa intaneti usana ndi usiku. Makompyuta ambiri amene ankafika m'maofesi ndi m'masukulu akumidzi analibe intaneti, choncho chigamba chinalibe podzera. Koma kachilombo kanali ndi njira yake, fulashi. Conficker, yemwe anabuka mu Novembala 2008, mwezi umodzi chigamba chake chitatuluka kale, pambuyo pake anayamba kukweranso mafulashi. Aliyense amene anasindikizitsapo kalata pa kashopu ka pa boma m'zaka zimenezo akudziwa zotsatira za tizilombo ta mtunduwu: fulashi ikabwera kunyumba mafayilo onse asanduka ma shortcut, ndipo wokonza akuti palibe kuchitira mwina koma kufomata. Kusowa netiweki sikunateteze munthu. Kunangotsekera kunja mankhwala, matenda n'kumalowa.

Pa 8 Epulo 2014 Windows XP inasiya kulandira zigamba, ikadali m'makina ochuluka ogulidwa pa salaula ndi operekedwa ngati mphatso. Mu Julayi 2015 kunaululika chibowo cha Android chotchedwa Stagefright, chokhudza mafoni pafupifupi 950 miliyoni, chimene munthu akanalowerapo pongotumiza uthenga wa kanema. Google inayamba kutulutsa zigamba mwezi ndi mwezi, koma chigamba cha Android chimayenera kudutsa kaye kwa wopanga foniyo. Mafoni otchipa, amene ndiwo ambiri kumidzi, amalandira zigamba kanthawi kochepa, ena osalandira n'komwe.

Nkhani imene inaonetsa poyera mtengo wa kuchedwa inachitika mu 2017, ndipo masiku ake analembedwa bwino. Pa 14 Malichi chigamba chinatuluka chotseka chibowo m'njira imene makompyuta a Windows amagawanirana mafayilo. Pa 14 Epulo gulu lina losadziwika linamwaza pa intaneti chida cholowera pa chibowocho, chimene chinabedwa ku bungwe lina la ukazitape. Panadutsa milungu inayi. Lachisanu pa 12 Meyi kachilombo kogwiritsa ntchito chidacho kanayamba kuyenda. Sikankadikira kuti munthu atsegule kalata kapena adine penapake. Kankangogogoda pa kompyuta iliyonse imene kaipeza pa netiweki, ndipo yopanda chigamba inkatseguka. Mafayilo ankamangidwa, pa sikirini n'kutuluka uthenga wofiira wofuna madola 300 a Bitcoin, amene ankakwera kufika 600 pakatha masiku atatu. Makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150 anagwidwa. Ku England zipatala zinabweza odwala, ndipo maulendo okaonana ndi dokotala pafupifupi 19,000 anathetsedwa. Kanaimitsidwa ndi mnyamata wa zaka 22 amene anaona dzina lachilendo la pa intaneti mkati mwa kachilomboko, n'kulilembetsa ndi madola oposa 10 pang'ono, osadziwa kuti ndilo linali chozimitsira chake.

Anthu ambiri anathamangira kuloza chala Windows XP. Kafukufuku anaonetsa zina: makina ambiri ogwidwa anali a Windows 7, amene chigamba chawo chinali chitakhala miyezi iwiri chikudikira. Zifukwa zake zinali zodziwika: kuopa kuti update isokoneza pulogalamu yakale, kusowa munthu woyang'anira makina, ndi chizolowezi chodina "pambuyo pake". Ngati zinatero m'dziko la intaneti yothamanga, nanga kumene update imodzi imamaliza bandulo ya mlungu wathunthu, ndipo netiweki imaduka isanafike pakati?

Chama inasamutsidwira ku chigawo cha Muchinga mu 2011, n'kubwezedwa ku chigawo cha Kum'mawa mu 2021. M'zaka 10 zimenezo foni inasanduka chikwama. Ndalama za mpunga, za fizi, ngakhale za maliro zinayamba kuyenda pa Airtel Money ndi MTN MoMo. Kunena zoona, kuba kochuluka kwa pa foni sikudzera pa chibowo cha pulogalamu. Kumadzera pa uthenga wabodza wakuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi, ndipo bodza lilibe chigamba. Koma zibowo nazo zili m'thumba lomwelo. Mu Meyi 2019 WhatsApp inatseka chibowo chimene chinkalola pulogalamu yaukazitape kulowa m'foni pongoyimba, mwini wake ngakhale asanayankhe. Palinso chizolowezi chogawana mapulogalamu foni ndi foni pofuna kupulumutsa bandulo, kapena kufulashitsa foni kwa wokonza wa pa msika. Pulogalamu yolowa motero nthawi zambiri imakhala yakale, ndipo siilandira update yokha.

Malamulo anabwera pambuyo. Ku Zambia, bungwe la ZICTA, loyang'anira za mafoni ndi intaneti, linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2009. Mu 2021 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la chitetezo ndi milandu ya pa intaneti, ndipo mu 2025 linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri osiyana. Lamulo limalanga wolowa pa chibowo, koma silitseka chibowocho. Kutseka kumafuna bandulo, magetsi, ndi makina amene eni pulogalamu sanawataye. Mu 2024 mokha zibowo zatsopano zoposa 40,000 zinalembedwa m'kaundula wa CVE. Windows 7 inasiya kulandira zigamba pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 inatsatira pa 14 Okutobala 2025. Windows 11, yolowa m'malo mwake, imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene makompyuta ambiri akale alibe.