Ufumu wa Mpezeni: Kuchokera ku Zambezi Kufika ku Mtenguleni

Kuyambira m'zaka za m'ma 1850 mpaka kulowa m'zaka za m'ma 2000, anthu anayi okha ndiwo adakhala pampando wa Mpezeni. Anayiwo adaona dziko likutembenuka katatu: nthawi ya mkondo ndi chishango, nthawi ya atsamunda, ndi nthawi ya Zambia wodzilamulira. Maufumu ambiri omwe ankadalira nkhondo adatha pomwe nkhondoyo idawakanika. Wa Angoni a ku Chipata udagonja koopsa mu 1898, koma ulipobe. Chinsinsi chake chili m'mene udamangidwira poyamba.

Muzu wake uli kutali kummwera, m'dziko lomwe lero ndi KwaZulu-Natal. Zwangendaba Jere adali mmodzi mwa akuluakulu a nkhondo a Zwide, mfumu ya Andwandwe. Shaka atagonjetsa Zwide cha m'ma 1819, Zwangendaba adasonkhanitsa anthu ake ndi kulunjika kumpoto, kudzera m'Mozambique ndi m'Zimbabwe. Mu November 1835 adaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku lomwe kudachitika kadamsana, dzuwa n'kuda masanasana. Kadamsanayo ndiye adathandiza akatswiri a mbiri kudziwa chaka chenicheni cha kuolokako. M'gululo mudali kamnyamata, mwana wa Zwangendaba ndi mkazi wake Soseya, komwe kadadzakhala Mpezeni woyamba.

Ataoloka, Angoni adakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, kenaka n'kupitirira mpaka ku Mapupo, m'dziko la Afipa ku Tanzania. Kumeneko Zwangendaba adamwalira m'zaka za m'ma 1840. Maliro atatha, abale ndi ana adakanganirana mpando, mtundu n'kugawikana. Ena adatsala ku Tanzania, M'mbelwa adakakhazikika ku Mzimba m'Malawi, pomwe Mpezeni adayesa dziko la Abemba, koma Abemba, omwe ena adali ndi mfuti, sadamupatse malo. Adabwerera kwa Ansenga m'zaka za m'ma 1860, ndipo cha m'ma 1870 adafika m'mapiri ozungulira Chipata, m'dziko la Achewa a Mkanda, omwe adawagonjetsa.

Apa m'pamene pagona nkhani. Omwe adanyamuka kummwera adali ochepa, ndipo ambiri adafera m'njira. Ufumu udakula ndi anthu ogwidwa kunkhondo. Mnyamata wogwidwa ankaperekedwa kubanja la Mngoni, kubooledwa makutu, kuweta ng'ombe, kenaka kulowa m'gulu la impi la amsinkhu wake. Akaonetsa chamuna ankatha kukhala nduna, n'kudzakhala ndi anthu akeake. Akazi ogwidwa ankakwatiwa, ndipo ana awo ankatsata mtundu wa bambo. Sitinganamizire kuti zonsezi zinkachitika mwaulemu: midzi idatenthedwa, nkhokwe zidaphwasulidwa, ndipo Achewa ambiri adathawira m'mapiri ndi m'malinga. Koma zotsatira zake zikumveka mpaka lero. Mwana amayamwa chinenero cha mayi ake, ndipo amayi ambiri adali Ansenga ndi Achewa. N'chifukwa chake Mngoni wa kwa Mpezeni amayankhula chinenero choyandikana ndi Chinsenga, pomwe Chingoni chenicheni chidatsalira m'nyimbo za ingoma, m'ziwongo ndi m'mawu otamanda mfumu. J. A. Barnes, yemwe adakhala pakati pa Angoniwa m'zaka za m'ma 1940, adafotokoza kakulidwe kameneka m'buku lake la mu 1954.

Tsoka lidabwera ndi pepala. Mu 1891 Mjeremani wina wogula minyanga, Carl Wiese, adapeza chilolezo kwa Mpezeni, chomwe pambuyo pake chidagwera m'manja mwa North Charterland Exploration Company. Kampaniyo idati dziko lokwana masikweya mailosi 10,000 ndi lake, ndipo mphekesera zoti m'nthakamo muli golide zidakoka Azungu ambiri. Mpezeni adali atakalamba ndipo sankafuna kuputa nkhondo, koma mwana wake Nsingo pamodzi ndi anyamata a impi adaona kuti alendowo akusanduka eni mudzi. Kumapeto kwa 1897 adazinga anthu a kampaniyo ku Fort Young, pafupi ndi mudzi wa mfumu wa Luangeni.

Mu January 1898 asilikali a boma la Angelezi adafika kuchokera m'dziko lomwe lero ndi Malawi, pakati pawo pali Asikhi ochokera ku India. Adabwera ndi mizinga ndi mfuti za chiwaya. Njira yankhondo yomwe idagwira ntchito kuyambira kummwera, yothamangira mdani m'chigulu kuti mkondo ukamupeze pafupi, idasanduka msampha: chishango cha chikopa cha ng'ombe sichitchinga chipolopolo. M'masiku ochepa impi idabalalika. Nsingo adagwidwa ndi kuomberedwa mu February chaka chomwecho. Midzi idatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zidalandidwa, ndipo Mpezeni adatengedwa ukaidi ku Fort Manning, komwe lero ndi Mchinji. Adamubweza patapita pafupifupi chaka, ndipo adamwalira mu 1900.

Kulandidwa kwa ng'ombe kudapweteka kuposa kugonja kwenikweniko, pakuti ng'ombe ndiyo idali malobolo, chindapusa ndi nsembe kwa makolo. Mu 1899 tauni ya Fort Jameson idakhazikitsidwa, n'kukhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Chaka chomwecho cha 1899 amishoni a Dutch Reformed adatsegula Magwero. Msonkho wa nyumba udayamba, ndipo anyamata omwe akadalowa impi adayamba ulendo wapansi wokafuna ndalama kumigodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia. Nthaka yabwino idapita kwa Azungu olima fodya, eni dziko n'kupanikizidwa m'malo ochepa, mpaka mu 1941 pomwe boma lidagula nthaka yambiri ya kampani ija.

Atsamunda sadathetse mpando, chifukwa ankafuna wowathandiza kutolera msonkho ndi kuweruza milandu. Mwana wa Nsingo, Chiloa, adalowa ufumu akadali wamng'ono, ndipo adakhala Mpezeni wachiwiri mpaka 1941. Pontino Khuzwayo, Mpezeni wachitatu, adalamulira zaka 40, naona Zambia ikulandira ufulu mu 1964 ndi dzina la Fort Jameson likusinthidwa kukhala Chipata. M'nthawi yake, mu 1980, mwambo wa Ncwala womwe udaleka nkhondo ya 1898 itatha udayambiranso. Iye adamwalira mu 1981, ndipo David Njengembaso Jere adalongedwa kukhala Mpezeni wachinayi mu 1982.

Ncwala imachitika Loweruka lomaliza la February ku Mtenguleni. Mfumu imachoka kunyumba yake ya Ephendukeni ku Feni masiku angapo mwambo usanafike. Patsikulo imalawa zakumunda zoyamba kucha, ng'ombe yamphongo yakuda imabayidwa ndi mkondo, ndipo mfumu imamwako magazi ake anthu akufuula Bayethe. Magulu a ingoma a mafumu monga Nzamane, Madzimawe, Maguya, Sairi ndi Kapatamoyo amavina atavala zikopa, nthaka n'kumagwedezeka ndi mapazi. Alendo amachokera ku Mchinji, ku Mzimba, ku Ntcheu, ngakhalenso kummwera komwe ulendo udayambira. Ambiri mwa ovinawo akatsata mzere wa agogo awo aakazi amapeza Mnsenga kapena Mchewa.

Mfuti za mu 1898 zidathyola mikondo, koma sizidathe kumasula anthu omwe adali atalukana kale m'maukwati, m'midzi ndi m'ziwongo. Choncho pophunzitsa ana mbiri ya ufumu umenewu, tisalekere pa Zwangendaba ndi Nsingo pokha. Tiwauzenso za Ansenga ndi Achewa omwe adalowamo mokakamizidwa, pakuti popanda iwo mpando wa Mpezeni sukadafika pomwe uli lero.