Kompyuta yangoti ziii, memori khadi sikuoneka: onani izi musanapite kwa okonza

Mafunso awiri ndi amene amandipeza kwambiri pa nkhani ya makompyuta: mawu asiya kumveka, kapena memori khadi ikukana kuoneka mu card reader. Ambiri mwa mavutowa safuna ndalama, amangofuna kudziwa poyang'ana.

Tiyambe ndi mawu. Nthawi zambiri sipika sinafe, kungoti Windows ikutumiza mawu kwina. Ngati munalumikiza laputopu ku TV ndi chingwe cha HDMI, kapena sipika ya Bluetooth ya mnzanu idakali yoyatsa pafupi, mawu akupita kumeneko. Dinani kachizindikiro ka sipika pansi kumanja, mulowe mu Sound settings, musankhe pomwe mukufuna kuti mawu atulukire. Muonenso Volume mixer, chifukwa n'zotheka kuti Chrome kapena VLC yokha ndi imene yatsekedwa pakamwa, zina zonse zili bwinobwino.

Pa kompyuta ya pa desiki, mitundu ya mabowo ili ndi tanthauzo: lobiriwira ndi la sipika kapena mahedifoni, lapinki ndi la maikolofoni, labuluu ndi lolowetsera mawu ochokera ku chipangizo china. Bowo lakutsogolo likakana, yesani lakumbuyo. Pa makompyuta akaunjika, kachingwe kamkati ka mabowo akutsogolo nthawi zina kamakhala kosalumikiza. Yang'ananinso kansonga ka mahedifoni anu. Ka mizere iwiri n'kongomvera basi, pomwe ka mizere itatu kali ndi maikolofoni, ndipo pa kompyuta ya mabowo awiri osiyana kamafuna kachingwe kogawa kuti anzanu a pa Zoom akumveni.

Zonsezi zikakanika, dinani batani la Windows limodzi ndi X, mutsegule Device Manager, mupite pa Sound, video and game controllers. Mukaona kachizindikiro kachikasu, vuto ndi driver. Makompyuta ambiri ndi ya Realtek. Sankhani Uninstall device, muzimitse kompyuta n'kuyatsanso, ndipo nthawi zambiri Windows imaibwezeretsa yokha. Koma ngati mawu akumveka limodzi ndi kaphokoso kong'ung'udza, zulani chaja kaye. Phokoso likatha, vuto ndi chaja kapena soketi, osati sipika.

Tsopano memori, komwe kuli misozi yambiri, poti mumakhala zithunzi za ukwati, asainimenti ya kusukulu ndi nyimbo zomwe mwalipira ku burning centre.

Lamulo langa loyamba ndi ili: kompyuta ikanena kuti mufomate kaye musanaigwiritse ntchito, dinani Cancel. Uthenga umenewu sutanthauza kuti mafayilo apita. Yesani card reader ina, bowo lina la USB, kapena ibwezereni mu foni. Tima card reader totchipa ta pa msika timafa msanga kuposa memoriyo. Pukutani timizere tagolide ndi kansalu kouma, osati malovu chonde. Zikavutabe, pulogalamu yaulere ngati PhotoRec kapena Recuva ikhoza kutola mafayilowo, koma muwasungire pa kompyuta, osati pa memori yomweyo.

Pali msampha wina womwe ambiri sadziwa. Kuyambira pa Android 6.0 ya mu 2015, mafoni ena amafunsa ngati mukufuna memori ikhale mbali ya malo amkati mwa foni. Mukavomera, foni imaikiya moti palibe kompyuta kapena foni ina ingaiwerenge. Memori yotere muibwezere mu foni yake, mukopere mafayilo kudzera pa chingwe cha USB. Foniyo ikafa kapena mukaipanga reset, zomwe zinali pa memori zapita, ngakhale PhotoRec singathandize.

Nthawi zina vuto ndi ukalamba wa card reader. Memori zili m'magulu: SD imalekera pa 2GB, SDHC imafika 32GB, ndipo SDXC, yomwe inabwera mu 2009, ndi yoposa pamenepo. Card reader yakale yodziwa SDHC yokha singadalirike pa memori ya 64GB. Komanso ya 64GB imabwera ndi exFAT, pomwe mawailesi ambiri a m'galimoto ndi masipika olowetsa memori amangodziwa FAT32. N'chifukwa chake nyimbo zimalira pa laputopu koma mu minibasi ayi. FAT32 nayo ili ndi malire ake: silandira fayilo imodzi yoposa 4GB, ndiye filimu yaikulu imakana ngakhale malo alipo.

Ikamakana kukopera kapena kufufuta n'kumati write-protected, onani kambali ka adaputa. Pali kabatani kolembedwa Lock komwe kamatsetsereka kokha polowetsa, kakankhireni m'mwamba. Memori yaing'ono ya mu foni ilibe kabatani kameneka, ndiye ikamakanabe pa adaputa ina, mwina yatopa ndipo yadzikiya yokha. Koperani zanu lero lomwe.

Kompyuta ikalira kusonyeza kuti yalandira chinthu koma mu This PC mulibe kanthu, tsegulani Disk Management. Memori ikaoneka koma yopanda chilembo, dinani kumanja, musankhe Change Drive Letter and Paths, muipatse chilembo. Mafoda onse akasanduka ma shortcut, imeneyo ndi vayirasi ija yoyenda m'mafulashi. Musawadine. Sikanani ndi antivirus, kenako mu Command Prompt mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ndipo pa E muike chilembo cha memori yanu. Mafayilo anangobisidwa, abwerera.

Chomwe chimandikwiyitsa ndi mamemori achinyengo. Pamwamba alemba 128GB, mtengo wake ngati wa 8GB, ndipo mkati ndi yaing'onodi. Imaoneka yabwino mpaka malo enieni atadzaza, kenako mafayilo amangooneka mayina koma osatseguka. Mukangogula, musanaikemo kalikonse, iyeseni ndi H2testw, yomwe imadzaza memori yonse n'kuwerenganso. Zimatenga nthawi, koma ikasonyeza zolakwika, bwererani nayo kwa wogulitsa risiti ili m'manja.